Pikapu Imene Sinafikitse Maliro ku Engutwini

Oyamba kulimva phokosolo anali apongozi anga aamuna, tsiku limene ndinakawatenga ku Engutwini kupita nawo kuchipatala cha pa Boma. Ine mwini galimoto ndinali ndisanamve kanthu.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Ku Mzimba ndinabwera ndili mnyamata, ndikuyendetsa lole ya munthu wina yonyamula matabwa ku Chikangawa. Ntchitoyo itatha sindinabwerere kumudzi, chifukwa ndinali nditakwatira kale mkazi wa ku Engutwini, ana tili nawo. Ndinagula pikapu yakale kwa munthu wina wa ku Kasungu n'kumadyera momwemo. Ndinkanyamula matabwa a akalipentala a pa Boma, chimanga nthawi yokolola, feteleza mvula ikayandikira, odwala, ndiponso maliro. Ku Mzimba galimoto yotsegula kumbuyo siisowa maliro.

Apongozi angawo ndinkawatchula kuti adada monga ankachitira ana awo, iwo n'kumanditchula kuti mkweni, ndiye kuti mkamwini m'Chitumbuka. Pamene ndinkafunsira mwana wawo abale ambiri ananyinyirika kuti Mchewa ameneyu sadziwa mwambo, sadziwa ngakhale kugwira ng'ombe. Adada anangondifunsa ngati ndimamwa mowa ndikamayendetsa. Nditakana anati, "Mbwenu nkhani yatha." Iwonso anali munthu wa makina. Unyamata wawo wonse unathera pathirakitala m'nkhalango ya Chikangawa, akukoka mitengo ya paini kupita nayo kumacheka.

Tsiku limenelo miyendo yawo inali itatupa mpaka m'mawondo, ndipo ankapuma ngati munthu wokwera phiri. Tinawakhazika kutsogolo titawafunditsa bulangete, apongozi aakazi pakati, mkazi wanga kumbuyo ndi zikwama. Panjira ya kumudziko pali kamtsinje ka miyala, ndipo msewu umatsetsereka kwambiri mbali zonse ziwiri mpaka kufika pakamlatho kopapatiza, kopanda zotchinga m'mbali. Nditayamba kutsika ndinaponda buleki, ndipo kutsogolo chakumanzere kunamveka gu!

"Mkweni, mwamva?" anatero adada, maso ali chitsinzinire.

"Ndi mwala umenewo, adada."

"Mwala umalira pansi pa tayala. Ichi chalira m'chitsulo. Siyani buleki, iyende pang'ono, mupondenso."

Ndinachita monga ananenera. Gu!

"Icho. Chikulira kamodzi, poyamba kuponda. Chilipo chimene chikusuntha, chikafika pomwe chikupita n'kukhala chete. Mukachione, ndapota."

Kuchipatala anawagoneka. Madokotala anati ndi mtima, impso nazonso zafooka. Mkazi wanga ndi mayi ake anayamba kugonera komweko powayang'anira, ine n'kumapititsa chakudya m'mawa ndisanapite kukasaka maganyu.

Za phokosolo ndinayamba ndekha, poganiza kuti n'zazing'ono. Ndinalimbitsa manati a matayala onse. Ndinachotsa jeke ndi masipanala kuseri kwa mpando kuti mwina ndi zimene zikugundana. Ndinamanganso batire ndi tayala lapadera lija limalendewera pansi. Nditayesa pamsewu wa kuseri kwa msika, linalira monga kale. Apo ndipo ndinapita kwa amakaniko anga.

Galaja yawo inali pansi pa mtengo waukulu, pafupi ndi ogulitsa makala. Anali bambo wachikulire wodwala mphumu, ndipo chipewa chaubweya sichinkachoka kumutu ngakhale kutenthe bwanji. Sankagwira ntchito mongolota. Asanagwire sipanala anayamba andifunsa ngati namwino.

"Pamabampu chimalira?"

"Ayi. Pokhapokha ndikaponda buleki."

"Mukamabwerera m'mbuyo?"

"Chimalira. Ndikabwerera n'kuponda, gu. Ndikapitanso kutsogolo n'kuponda, gu."

"Chiwongolero chimanjenjemera?"

"Sichinjenjemera, koma chimakokera pang'ono kumanzere."

"Ndiye kuti pali chinthu chikupita uku ndi uku. Tiyeni tiikweze."

Anaikweza pajeke, anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Anati akuyesa beringi ndi bojointi, chitsulo cha mutu wobulungira chimene tayala limazungulirapo pokhota. Zonse zinali zolimba. Kenako analigwira m'mbali n'kuligwedezanso, ndipo la kumanzere linasewera pang'ono. "Tairodi yatha iyi," anatero, akuloza ndodo imene imachokera kuchiwongolero kukakhotetsa tayala. Tinakagula ina m'sitolo ya bambo wina wa Chisilamu pamsika, tinasintha. Chiwongolero chinalimba bwino ndithu, koma phokoso silinasunthe.

Ulendo wachiwiri anachotsa matayala onse akutsogolo kuti aone mabuleki enieniwo. Mapadi anali atatha, akugwedera m'malo mwake chifukwa timawaya towagwira tinathothoka kalekale, ndipo bauti limodzi la kalipa, chitsulo chimene chimapana mapadiwo, linali litamasuka moti linkazungulira ndi zala. Amakaniko anaseka mpaka kutsokomola. "Wakuba uja ndi uyu," anatero. Tinaika mapadi atsopano, tinamanga bautilo, tinazungulira msika, zii. Madzulo ake ndinakawauza adada kuti chapezeka.

Anandiyang'ana ali pabedi, mapaipi ali m'mphuno. "Kalipa imalira ngati mbale yachitsulo, kwe-kwe," anatero pang'onopang'ono. "Chija chinali cholemera chomene. Mwayesa ndi katundu?"

Ndinali ndisanayese. M'mawa mwake ndinapita ku Chikangawa kukatenga matabwa. Inali nyengo ija nkhalango imapsa, utsi uli tolo mumsewu, malole akuyenda atayatsa nyali masana. Nditadzaza n'kuyamba kutsika, lole ya kutsogolo kwanga inachepetsa liwiro, ine n'kuponda. Gu! Ndinalimva mpaka kuphazi.

Ulendo wachitatu amakaniko sanaseke. Anatenga chitsulo chachitali n'kumapanikiza paliponse pali mphira. Mabushi a mashoko, timphira ta pazitsulo zochepetsa kudumpha pamabampu, anali ong'ambika, tinasintha. Palinso ndodo ina imene imachoka pamkono wapansi wogwira tayala kupita kutsogolo, n'kukamangidwa pakhutu lachitsulo lowotcherera kushasi, chimango chachitsulo chimene galimoto yonse imakhalapo. Ntchito yake ndi kuletsa tayala kuthawira m'mbuyo ukaponda buleki. Mphira zake zinali zitaphwanyika, ndipo anasema zina kuchokera kutayala lakale la lole monga amachitira ambiri. Galimoto ikakhala yopanda kanthu phokoso linkangomveka patalipatali. Ndikasenza, linkabwerera.

"Pajeke galimoto imanama," anatero amakaniko akupukuta manja. "Tayala likalendewera, zonse zimakhala pamalo pake. Bwerani nayo sabata yamawa. Tiitsuke pansi ponse matope achoke, tiisenzetse, wina aziyendetsa ine ndikuyang'ana."

Sabata yamawayo isanafike, adada anamwalira. Kunali m'mawa, mkazi wanga akuwapukuta kumaso.

Mwana wawo woyamba, alamu anga aakulu, anali atabwera kale kuchokera ku Joni kumene amagwira ntchito yoyendetsa galimoto zonyamula katundu. Sitinali adani, komanso sitinazolowerane. Iwo ndiwo anatsogolera zonse. Anagula bokosi kwa kalipentala wina amene ndinkamubweretsera matabwa, bokosi la paini wa ku Chikangawa komweko, ndipo anauza akumudzi kuti thupi lifika masana.

Tili panja pa nyumba yachisoni ndinamukokera mkazi wanga pambali. Ndinamuuza kuti galimoto sinachire, ndi bwino tipeze lole. Maso ake anali otupa. Anangoti, "Kawauzeni achimwene."

Ndinawapeza akuyankhula pafoni, ndinadikira amalize.

"Alamu, galimoto ili ndi vuto kutsogolo. Takhala tikulisaka, silinapezeke."

"Ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Mabuleki akugwira?"

"Akugwira, koma chilipo chimagunda ndikaponda."

"Ndiye vuto lili pati? Maliro a anthu osawadziwa mumanyamula. A adada ndiye mukufuna tikabwereke galimoto kwa ena? Iwo eni anauza amama kuti mkweni adzandipititsa kwathu. Mukufuna anthu aziti chiyani?"

Ndinangopempha kuti akwere anthu ochepa. Koma pamaliro suwerenga anthu. Amayi a kumpingo, ovala zoyera, anakwera n'kukhala mozungulira bokosi. Anakweranso amuna angapo, mkulu wa mpingo, alamu, ndi matumba a ufa. Kumbuyo kunatsika mpaka masipuling'i anawongoka. Apongozi aakazi ndi mkazi wanga anakhala nane kutsogolo.

Pamsewu wa tala ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuchepetsa liwiro ndi magiya, ndipo sizinavute. Titalowa msewu wafumbi zinthu zinasintha. Msewuwo unali ndi makwawa amene mvula yapita inasiya, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kuponda buleki pafupipafupi. Nthawi iliyonse linkalira mokulirapo, chiwongolero n'kumandikoka dzanja. Kumbuyo amayi ankaimba nyimbo za maliro za m'Chitumbuka, sankamva kanthu. Mkazi wanga ankamva. Sanandiyang'ane, koma dzanja lake linagwira chitseko zolimba.

Titafika pamwamba pa mtsetse wotsikira kukamtsinje kuja, ndinaponda kuti ndilowetse giya yaing'ono. Ulendo uno sichinalire kamodzi. Chinati gu, kenako khwee, tayala likukhula chitsulo. Ndinaimitsa n'kuzimitsa injini. Nyimbo inapitirira pang'ono, kenako inazima.

Alamu anadumpha n'kubwera pazenera. "Chavuta n'chiyani?"

"Anthu atsike kaye. Ndikufuna ndione."

Anthu anatsika akung'ung'udza. Dzuwa la Okutobala linali pamutu. Ndinasuzumira pansi, sindinaone chachilendo, matope ouma okhaokha osakanikirana ndi oilo. Ndinakumbukira zimene amakaniko ankafuna kuchita, ndipo munthu wina wodziwa kuyendetsa pamenepo anali alamu okha.

"Alamu, ndithandizeni. Bwererani m'mbuyo pang'ono pamalo athyathyathyapa, kenako mubwere pang'onopang'ono. Ndikakweza dzanja muponde buleki mwamphamvu."

Anandiyang'ana moipidwa koma analowa. Ndinayenda chowerama pambali pa tayala la kumanzere, maso ali pamenepo. Nditakweza dzanja anaponda. Ndinaona ndi maso anga tayala lonse likudumphira m'mbuyo, pafupifupi chikhatho chathunthu, mpaka kukhudza chitsulo cha kuchitseko. Nthawi yomweyo bokosi, limene linatsala lokha kumbuyo popanda woligwira, linatsetsereka n'kukagunda khoma la kuseri kwa mpando. Amayi anakuwa. Apongozi aakazi anagwira kumutu n'kukhala pansi pafumbi.

"Alekeni agone!" analira. "Mukuwapwetekeranji?"

Mawu amenewo ndimawamvabe. Koma ndinali nditaona kumene tayala lathawira, ndipo ndinadziwa poyang'ana. Ndinagona chagada pansi pa galimoto n'kutsatira ndodo ija tinaisinthira mphira mpaka pakhutu lake la kushasi. Ndinapala matope ndi sikuludiraiva. Pansi pa matopewo panali mzere wa kuwotcherera kwakale, ntchito ya mwini wake woyamba, ndipo m'mbali mwake munadutsa mng'alu wautali. Mbali ina unali wadzimbiri, mbali ina ukung'anima, wong'ambika tsiku lomwelo. Galimoto ikaima, mng'aluwo unkatsekeka ngati milomo, n'chifukwa chake pajeke sunkaoneka. Ukaponda buleki, ndodo inkakoka khutulo, mng'alu n'kuyasama. Chitsulo chimene chinatsala chogwira chinali ngati zala ziwiri.

Ndinatuluka n'kuwaitana alamu kuti aone. Anagwada, anasuzumira, anadzuka akukutumula fumbi pabuluku.

"Ndaona. Kwatsala mtsetse umodzi wokha ndi chitunda, mbwenu tafika. Tsikani ndi giya yoyamba, osaponda buleki."

Sanali kunena zopusa. Inenso ndinaziganiza. Koma mtsetsewo unali ndi makwawa ndi miyala, ndipo mwala ukagunda tayala umalikankhira m'mbuyo chimodzimodzi buleki. Pansi pake msewu umakhota mwadzidzidzi kulowa pakamlatho. Khutulo likanathothoka pamenepo, tayala likanapindikira mkati, chiwongolero n'kukhala chopanda ntchito.

"Sinditsika nayo, alamu."

Mkulu wa mpingo, bambo wofatsa, anayandikira. "Nanga anthu titatsika wapansi, inu mutsike ndi thupi lokha?"

Ndinayang'ana kumunsi. Madzi anali ataphwa, miyala ili poyera. Ndinaona m'maganizo bokosi la paini litasweka pamiyalapo, adada ali pamtunda, akazi awo akuona. Ndinadziopera ndekhanso, sindibisa. Ndinapukusa mutu.

"Ngati mukuopa, ndiyendetsa ine," anatero alamu, akutembenukira kuchitseko.

Makiyi anali akadali momwemo. Ndinawatsogolera, ndinapisa dzanja pazenera, ndinawazula n'kuwaika m'thumba. Zonsezi pamaso pa anthu a kwawo, pamaliro a bambo awo.

Anandigwira malaya pakhosi. Anayankhula m'Chitumbuka mofulumira, koma zaka zonsezo ndinali nditachimva bwino. Anati adada analakwitsa kulandira munthu wobwera, ndipo lero munthuyo wawasiya pamsewu ngati thumba la chimanga. Amuna ena anawagwira. Mkazi wanga anabwera pakati pathu, ine n'kumayesa wabwera kudzandiikira kumbuyo.

"Abambo, apatseni makiyi," anatero motsitsa mawu. "Ndapota nanu."

"Mayi, sindingathe."

Anandisiya n'kupita kukakhala pafupi ndi mayi ake.

Pamalopo foni sinkagwira bwino, ndipo amene anapezeka ndi galimoto anali kutali. Bambo wina wa nyumba yapafupi, amene anabwera atamva kulira, anati ali ndi ngolo, koma ng'ombe zili kudambo. Anapita kukazitenga. Tinatsitsa bokosi n'kuliika pamthunzi wa kamtengo kopanda masamba ambiri, amayi n'kulitchinga ndi zitenje. Tinadikira nthawi yaitali. Kunkatentha, ntchentche zinayamba kubwera, ndipo mayi wina ankaziingitsa ndi nthambi. Palibe anaimbanso. Palibenso anandiyankhula. Ndinakhala pamwala kuseri kwa galimoto.

Ngoloyo itafika tinaona kuti inali ikuthira manyowa kumunda. Anaisesa ndi masamba, anayala udzu ndi zitenje, koma fungo silinachoke. Nditayandikira kuti ndigwire nawo bokosi, alamu anaima patsogolo panga, ine n'kubwerera. Apongozi aakazi anawakweza pangolo pambali pa amuna awo. Potsika mtsetse, mwini ngolo ankagwira ng'ombe kumutu, amuna akukoka ngolo kumbuyo kuti isathamange, ndipo mkazi wanga ankayenda pambali atagwira ngodya ya bokosi kuti lisatsetsereke.

Ine ndinachotsa batire n'kukaisiya kunyumba ya mwini ngoloyo, ndinatseka galimoto, n'kuwatsatira chapatali. Tinafika kumudzi dzuwa likulowa. Anthu anali atadikira kuyambira masana, ena atabwerera kwawo. Nkhani inali itatsogola kale. Pamene ngolo inkalowa pabwalo, kulira kumene kunabuka sikunali kwa imfa yokha. Munthu amene anayendetsa makina moyo wake wonse, wokhala ndi mwana ku Joni ndi mkamwini wa galimoto, anafika kwawo pangolo ya manyowa.

Mawa lake kumanda, woyankhula m'malo mwa banja anathokoza achipatala, ampingo, ndi mwini ngolo, amene anamutchula kawiri. Za ine sananene kanthu. Pokwirira ndinatola khasu monga amachitira amuna onse. Ndisanaponye dothi, mkulu wina anandilanda mwaulemu n'kupatsa wina. "Yewo, mkweni, pumulani," anatero.

Mwambo utatha ndinabwerera wapansi kumene kunali galimoto. Amakaniko anabwera panjinga yamoto atanyamula tcheni ndi mabauti. Analowa pansi, anakhalamo nthawi, ndipo potuluka anavula chipewa chija, koyamba ine kuona mutu wawo.

"Ndinagwira pomwepa ndi dzanja langali posintha mphira," anatero. "Ndikanangopala matope."

"Inenso sindinapale."

Anamanga mkono wa tayala kushasi ndi tcheni, ndipo tinabwerera ku Boma mokwawa, njinga zakapalasa zikutipitirira. Kugalaja anadula khutu lonse lakale, anawotcherera lina pachitsulo chochindikala, anayang'ananso mbali ya kumanja. Titaisenzetsa matumba a mchenga n'kuyesa, tayala silinasunthe, ndipo phokoso linatheratu.

Ndinawafunsa funso limene linkandisowetsa tulo. "Kodi ikanatsika mtsetse uja?"

Anatsokomola kaye. "Ena amatsika ndi zoipa kuposa iyi n'kufika. Ena safika. Musandifunse ine, sindikudziwa."

Ndinkafuna anene kuti ikanagwa, kuti ndikhale ndi mawu okauza akumudzi. Sananene, ndipo mpaka lero palibe amene angandiuze.

Mkazi wanga anakhala ku Engutwini milungu ingapo akutonthoza mayi ake. Alamu anabwerera ku Joni osanditsanzika, ngakhale basi anakwerera pa Boma pomwepa. Mkazi wanga atabwera anayamba ntchito zapakhomo monga kale, koma ankayankhula pang'ono. Tsiku lina akuchapa ndinakhala pafupi n'kuyamba kumufotokozera za khutu lija, mmene linang'ambikira, mmene tayala likanapindikira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Sindikunena kuti munalakwa, abambo," anatero, manja ali m'beseni. "Mwina munatipulumutsa. Koma ine ndinayenda njira yonse ija nditagwira bokosi la adada, fungo la manyowa lili m'mphuno, anthu akutuluka m'nyumba kudzationa. Mukamandiuza za zitsulo, ine ndimaona zimenezo."

Sindinayambitsenso nkhaniyo.

Pambuyo pake ndinamva kuti alamu anasiya lamulo kumudzi, kuti pasapezeke wondipempha galimoto, kaya pa matenda kaya pa chiyani. Anati chilichonse chikachitika aziwaimbira iwo. Nthawi yokolola ndinkapita kukawatutira chimanga apongozi, koma chaka chimenecho sanandiitane. Nditatumiza uthenga kuti ndibwere, anayankha kuti apeza kale ngolo.

Mvula yotsatira ili pakati, apongozi aakazi anadwala chibayo. Anadwala masiku angapo ife osadziwa. Zitafika poipa, achibale anayesa kuimbira alamu ku Joni koma foni sinkapezeka, ndipo poopa lamulo lija anaitana wa njinga yamoto. Anawakhazika pakati, anawamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, mdzukulu wawo wamkazi atawagwira kumbuyo. Mvula inawapeza panjira n'kuwanyowetsa mpaka pa Boma. Mkazi wanga analandira foni iwo atafika kale pachipata cha chipatala. Tsiku limenelo ine ndinalibe ganyu. Galimoto inali pakhomo, mafuta alimo.

Tinathamangira kumeneko n'kuwapeza akuwavula zovala zonyowa, akunjenjemera, milomo itada. Kuyambira tsiku la ngolo lija anali asanandiyankhulepo. Madzulo a tsiku lotsatira nditabweretsa phala, anatsegula maso n'kundizindikira.

"Mkweni," anatero movutikira, "ana ali bwino?"

"Ali bwino, amama."

"Yewo."

Sabata isanathe anamwalira.

Alamu anakonza zonse pafoni ali m'basi yochokera ku Joni. Anapeza lole yaikulu ya munthu wina wa pa Boma. M'mawa wa tsiku lonyamula thupi, mkazi wanga ankalongedza zitenje m'chikwama, ine nditaima pakhomo la kuchipinda.

"Mukanakawatenga inu sakananyowa," anatero osatembenuka.

"Sanandiitane, mayi."

"Ndikudziwa."

Anatseka chikwama n'kupita kukakwera lole pamodzi ndi abale ake. Mkulu wa mpingo uja ndiye anabwera kwa ine payekha, n'kundiuza kuti kumudzi nkhuni zonse zanyowa, amayi asowa zophikira anthu. Ndinapita kwa akalipentala kukapempha zidutswa za matabwa zouma, ndinadzaza, ndinafunditsa lona, n'kunyamuka ndekha lole itapita kale.